Madayamondi apindika, mitundu yada bii: kodi vuto ndi ulusi wa kwa telala?

Funso lachokera kwa wowerenga wa ku Blantyre amene amakonda kukawedza ku Shire ndi kunyanja: "Mchimwene wanga wa ku Johannesburg ananditumizira blank (ndodo yowedzera yosamangidwa kanthu) ya graphite ya mamita 2.1, pamodzi ndi mphete zake zodutsamo chingwe ndi chogwirira. Mphete ndamanga bwinobwino. Koma nditayesa kuika madayamondi a ulusi patsogolo pa chogwirira, monga ndimaonera pa ndodo za akatswiri, atuluka opindika, ena aakulu ena aang'ono. Nditapaka epoxy (utomoni woteteza ulusi), ulusi wachikasu ndi wofiira wada bii. Ulusiwo ndinagula kwa telala. Kodi ndiitanitse wina kunja?"

Achimwene, ulusi wa kwa telala uli ndi mlandu wake, koma musausenzetse wonse. Kuda kwa mitundu n'kwa ulusi ndi epoxy. Kupindika n'kwa kayezedwe, ndipo ngakhale mutaitanitsa ulusi wodula chotani kuchokera ku America, madayamondi adzapindikabe ngati simunalembe ndodo musanayambe kukulunga. Ndiyamba ndi za ulusi poti n'zosachedwa, kenako tikhale pansi pa za kuyeza, chifukwa ntchito yeniyeni yagona pamenepo.

Tengani ulusi munagulawo muuyang'ane padzuwa. Muona tiubweya titaimirira m'mbali mwake. Ulusi wosokera zovala, wa thonje kapena wa polyester wamba, amaupota kuchokera ku tizidutswa tatifupitifupi, ndiye nsonga zake zimatulukira kunja. Epoxy ikafika, tiubweyato timauma tili chiimire, pamwamba n'kukhala pokhakhala, komanso timasunga mpweya umene umadzatuluka ngati tithovu. Ulusi womangira ndodo ndi wa nayiloni wopota kuchokera ku nkhosi zazitali zosaduka, n'chifukwa chake ndi wosalala ndipo umagona bwino pafupi ndi unzake. Kukula kwake amalemba ndi zilembo: A ndi wowonda, D ndi wonenepa, C ali pakati. Pa ndodo yanu ya mamita 2.1 tengani A. D ndi wa ndodo zikuluzikulu za kunyanja yamchere. Amadzaza malo msanga, koma ngodya za dayamondi zimatuluka zobuntha.

Tsono ngakhale nayiloni weniweniyo amada akanyowa ndi epoxy. Nkhosi zake n'zoonekera mkati, ndipo kuwala kwa mtundu kumene mumaona pa mpukutu kumabwera chifukwa cha mpweya umene uli pakati pa nkhosizo. Epoxy ikalowa n'kuthamangitsa mpweyawo, kuwala kumadutsa mpaka kukafika pa blank, monga mmene malaya oyera amaonetsera khungu akavumbwa ndi mvula. Blank yanu ndi ya graphite, yakuda kapena yotuwa, ndiye chimene mukuona pansi pa chikasucho ndi mtundu wa ndodoyo. Ulusi sunapse ayi.

Njira zopewera zilipo. Yodziwika kwambiri ndi mankhwala otchedwa color preserver, amadzimadzi ngati mkaka wosungunula, amene mumapaka pa ulusi mukamaliza kukulunga. Amatseka ulusi kuti epoxy isalowe mkati. Pakani mpaka ulusi ukhute, pukutani otsala, dikirani aume, pakaninso kachiwiri, ndipo musayandikire ndi epoxy mpaka tsiku lathunthu litadutsa. Mukapaka mopereweza mudzaona mawanga, pena powala pena pakuda, zomwe n'zoipa kuposa kuda konsekonse. Njira ina ndi ulusi wolembedwa NCP, umene anaupanga kuti usaonekere mkati ngakhale popanda mankhwalawo. Mtundu wake umakhala momwemo, kungoti suwala. Umaoneka ngati penti. Ineyo pa madayamondi ndimakonda nayiloni wamba ndi color preserver chifukwa amanyezimira, NCP n'kumusungira woyera ndi wachikasu, mitundu imene sichedwa kugonja pa blank yakuda.

Pali ulusi wina umene mungaupeze osaitanitsa kutali: wa makina opeta mabaji ndi zilembo pa mayunifolomu. Wa polyester wosalala, monga Madeira Polyneon nambala 40, omanga ndodo ambiri amaugwiritsa ntchito pokongoletsa chifukwa uli ndi mitundu yochuluka zedi ndipo kuwonda kwake n'kofanana ndi A. Chenjezo lake n'lakuti amaupaka timafuta ta silicone kuti uziyenda bwino m'makina, ndipo epoxy imadana ndi silicone, imathawa n'kusiya timaenje. Choncho pa ulusi umenewu color preserver ndi wokakamiza. Wa rayon, umene umawala kwambiri m'sitolo, ndi wofooka; musamangire mphete.

Chilichonse mwasankha, yesani kaye. Pezani chidutswa cha ndodo yothyoka ya mtundu wofanana ndi yanu, kulungani timikombero ta mtundu uliwonse, theka mupake color preserver theka musapake, kenako epoxy ponseponse. Mawa lake mudzaona ndi maso anu mtundu umene mudzakhale nawo zaka zonse. Mpukutu umanama.

Tibwere pa kupindika. Dayamondi sajambulidwa pa ndodo, amabadwa pamene ulusi wokwera mozungulira ndodo wakumana ndi wotsika mozungulira mbali inayo. Awiriwa amadutsana kawiri pa kuzungulira kulikonse, kamodzi pamwamba pa ndodo, kamodzi pansi pake. Mphambano zimenezi ndiye mitima ya madayamondi. Ulusi wina wonse umene mudzaonjezere umangotsamira pa awiri oyambawa. Iwo akakhota pang'ono, wachitatu amakhota nawo, wa 40 ndiye amakhoteratu.

Yambani ndi kupeza mizere iwiri yowongoka, wa pamwamba ndi wa pansi. Mangirirani reel (chokulungira chingwe chowedzera) pamalo pake kuti muone mmene ndodo imakhalira m'manja. Ngati ndi ya spinning, reel imalendewera pansi, ndiye mbali imene maso anu amaona powedza ndi ya kuseri kwake. Mzere waukulu ukhale kumeneko. Dulani kapepala kakatali kopyapyala, kakulungeni pa blank pafupi ndi chogwirira, lembani pamene kakumana, kachotseni, kapindeni pakati. Mwapeza zinthu ziwiri nthawi imodzi: kutalika kwa kuzungulira kwa ndodo, ndi malo enieni a mzere wa pansi. Chitani chimodzimodzi kumene zokongoletsa zikathere. Kenako kokani ulusi woyera kuchokera pa chizindikiro china kufika pa chinzake, muumate ndi tepi, mupenye kuchokera kuthako kwa ndodo diso limodzi litatsinzina. Ngati m'chipinda muli getsi lalitali la chubu, ikani ndodo pansi pake molunjika: kuwala kwake kumajambula mzere wowongoka pa blank, ndipo kumakuuzani ngati ulusi wanu wapatuka. Madontho lembani ndi pensulo yoyera ya sera. Musakande graphite ndi singano kapena nsonga ya mpeni. Pamene mwakanda ndi pamene ndodo idzathyokere tsiku limene yakoka nsomba yaikulu.

Madonthowo atalikirane bwanji? Kuti dayamondi akhale wofanana m'litali ndi m'lifupi, mtunda wa pakati pa madontho a mzere umodzi ufanane ndi kuzungulira kwa ndodo. Ngati blank ndi yonenepa mamilimita 15 pakati pa malo mukukongoletsawo, kuzungulira kwake ndi 15 kuchulukitsa ndi 3.14, pafupifupi mamilimita 47. Ndiye pamwamba dontho lililonse likhale mamilimita 47 kuchokera pa linzake, ndipo a pansi agwe pakati penipeni pa a pamwamba, kutanthauza kuti loyamba la pansi lili pa 23.5. Mukatalikitsa mtundawo madayamondi amasongoka motsata ndodo, mukaufupikitsa amafwamphuka m'mbali. Zonse n'zololedwa malinga mwachita dala. Madayamondi anayi kapena asanu pamwamba akukwanirani, ndiwo masentimita 20 kapena kupitirira pang'ono.

Apa pali msampha umene ndikuganiza kuti unakukolani pamene mukuti ena aakulu ena aang'ono. Ndodo si paipi. Imawonda ikamapita kunsonga. Ngati mukufuna madayamondi otalikirana, blank ikuoneka pakati pawo, kusiyanako sikuvuta kwenikweni: mukhoza kusunga mtunda umodzi, kapena kumaufupikitsa pang'onopang'ono kunsonga kuti aliyense akhalebe wofanana m'litali ndi m'lifupi. Koma ngati mukufuna kudzaza malo onse mpaka blank isaoneke, nkhani imatembenuka, ndipo ambiri sakhulupirira akamva koyamba. Kumene ndodo ndi yonenepa madontho ayandikane, kumene ndi yowonda atalikirane. Chifukwa chake n'chakuti chiwerengero cha ulusi n'chimodzi kuyambira kuthako mpaka kunsonga, ndiye mpata woti udzazidwe uyenera kukhala wofanana paliponse. Mukasunga mtunda umodzi, kowonda kumadzaza msanga ulusi n'kuyamba kukwerana, konenepa kukadali mipata. Pa chitsanzo chathu chija, ngati blank ikuchoka pa mamilimita 16 kufika pa 14, mtunda uyambire pa 44 kuthako, udutse pa 47 pakati, ukathere pa 51 kunsonga. Langizo langa n'lakuti ntchito yodzaza chonchi muisiye kaye. Imadya ulusi wopitirira 100 mbali iliyonse, ndipo cholakwa chaching'ono chimaonekera kumapeto kwenikweni, mutatopa kale.

Pansi pa madayamondi otalikirana mukhoza kuyala kaye ulusi wa mtundu umodzi mozungulira malo onsewo. Zimathandiza pawiri: mitundu imaonekera bwino, komanso ulusi wa pamwamba suterereka monga umachitira pa blank yosalala. Mukatero, madontho mudzalemba pa ulusi woyalawo.

Choikapo ndodo pokulunga si cha mtengo wapatali. Katoni yolimba yodulidwa V mbali ziwiri, nsanza pa V-po kuti blank isakalike, basi. Kumapeto konse kuwiri kwa malo okongoletsa kulungani tepi ya pepala, yomata ikuyang'ana kunja, kuti ulusi uliwonse ukafika uzikakamira pamenepo. Siyani masentimita angapo pakati pa tepi ndi dontho loyamba. Ulusi umafuna malo oti ukhazikike pa ngodya yake usanafike pa dayamondi woyamba.

Tsopano gwirani ulusi ndi dzanja limodzi, linalo likupotoza ndodo. Kwerani mukudutsa pa dontho la pamwamba, la pansi, la pamwamba, mpaka pa tepi. Zungulirani pa tepipo, tsikani mukudutsa pa madontho omwewo. Imani. Penyaninso kuchokera kuthako. Mphambano zonse zikhale pa mzere umodzi, ndipo pakati pa mphambano ulusi uziyenda mosalala, osati mokhotakhota. Kankhani ndi chikhadabo paliponse papatuka. Mphindi zimene muthere apa musaziwerenge.

Dayamondi amakula kuchokera pakati. Kwerani kumanja kwa ulusi woyamba, tsikani kumanja kwa wachiwiri, kwerani kumanzere, tsikani kumanzere. Maulendo anayi amenewa ndiwo gawo limodzi, ndipo musasinthe dongosolo lake pakati pa ntchito. Mukaunjika ulusi wambiri mbali imodzi musanapite inayo, umakankha mphambano n'kuichotsa pa mzere. Kupindika kwambiri kumene ndimaona pa ndodo za oyamba kumachokera pamenepa. Kukoka nakonso kukhale kofanana, ndipo kochepa kuposa kwa pomanga mphete. Ulusi wokoka kwambiri sulola kukankhidwa, komanso nayiloni amatamuka n'kuwonda, mtundu wake n'kusintha. Mukamaliza gawo lililonse, sunthirani ulusi pakati ndi chikhadabo kapena kapulasitiki kosalala, monga chivindikiro cha bolopeni, kuti pasatsale mpata. Mpata umene simukuuona lero epoxy idzaukuza mawa.

Mitundu yake: pakati powala, kunja kukuderadera, kenako mzere umodzi wotsekera. Mwachitsanzo magawo atatu achikasu, anayi ofiira, awiri akuda, limodzi la ulusi wonyezimira wagolide. Wagolideyo ndi wovuta, amapiringizika ndipo chikopa chake chimasupuka mukamukoka mwamphamvu, ndiye muzimugwira mofatsa. Mitundu itatu ndi wonyezimira mmodzi yakwana. Ndodo zina zimene ndimaona zili ndi mitundu yonse ya m'sitolo, ndipo dayamondiyo amasowa m'phokosomo.

Mukafuna poyambira posavuta kuposa apa, yesani chevron, zilembo za V zotsatizana. Kayezedwe n'komweko, koma ulusi wonse mumauika mbali imodzi yokha, yoyang'ana kunsonga, pokwera ndi potsika pomwe. Mukatenga mtundu umodzi, kuyambira wobiriwira wowala kufika wobiriwira wakuda, magawo asanu kapena asanu ndi limodzi pa uliwonse, V-yo imaoneka ngati yazama mkati mwa ndodo.

Potseka, pakani kaye color preserver pa zokongoletsazo kuti ulusi ugwirane, ziume. Kenako yambani mkombero wotsekera ndi ulusi wakuda, mukuchoka ku dayamondi kupita ku tepi, mokoka ndithu. Mukazungulira kasanu ndi katatu kapena kakhumi, dulani ulusi wa zokongoletsa ndi lezala watsopano, osati pamalo amodzi koma mosiyanitsa utali, kuti mkombero utsetsereke bwino m'malo mopanga chitunda. Chotsani tepi, pitirizani kukulunga mpaka nsonga zonse zitabisika. Kutatsala maulendo asanu ndi limodzi kuti mumalize, gonekani kachingwe kopinda pawiri, kulungani pamwamba pake, dulani ulusi, lowetsani nsonga m'diso la kachingweko, kokani. Nsonga ilowa pansi pa mkombero popanda mfundo.

Simunanene epoxy imene munapaka. Ngati ndi ya guluu ya machubu awiri ya ku hardware, imene imauma m'mphindi zisanu, imeneyo ndi yomatira chogwirira, osati yopaka pa ulusi: ndi yolimba kwambiri, siyenderera, ndipo imachita chikasu padzuwa. Yopaka pa ulusi ndi ina, monga Flex Coat kapena ThreadMaster, yopangidwa kuti iziyenderera yokha ndi kupindika limodzi ndi ndodo. Imasakanizidwa muyezo wofanana ndendende, ndipo musapime zochepera mamililita atatu mbali iliyonse ngakhale mukufuna pang'ono, chifukwa pa muyezo wochepa dontho limodzi lolakwika limakwanira kuti ikhale yonata mpaka kalekale. Masirinji a ku famase ali ndi silicone mkati; gwiritsani ntchito amene amabwera ndi epoxy-yo. Takasani pang'onopang'ono mphindi zitatu, thirani pa pepala la aluminiyamu kuti thovu lituluke, pakani ndodo ikuzungulira. Kupaka kopyapyala kawiri kumaposa kochindikala kamodzi.

Nyengo ya kwanuko muiganizire. M'mwezi wa June ndi July, chiperoni chikagwa, epoxy imakhuthala n'kumasunga thovu. Ikani mabotolo m'madzi ofunda pang'ono musanapime, ndipo musapake tsiku la chinyontho chambiri chifukwa pamwamba pamatha kuchita mbuu. Mu October ndi zosiyana: imayamba kugwira msanga, ndiye pakani m'mawa. Akatswiri amazunguliritsa ndodo ndi kamota koyenda pang'onopang'ono usiku wonse. Popanda kamota, kapena magetsi akazima, manja amakwanira: tembenuzani ndodo theka pakangopita mphindi imodzi kapena ziwiri poyamba, kenako muzitalikitsa nthawi, kwa maola awiri kapena atatu mpaka italeka kuyenderera. Tsekani mawindo, musasese m'chipindamo tsiku limenelo. Thovu lotsala liphulitseni popemerera ndi kapaipi komwera zakumwa. Kandulo ayi, imasiya mwaye.

Zokongoletsa zonsezi zikhale pafupi ndi chogwirira. Ulusi ndi epoxy zimalemera, ndipo kulemera kumene simukumva pafupi ndi dzanja kumasanduka katundu kukakhala kunsonga: ndodo imachedwa kuwongoka mukaponya, ndipo kugogoda kwa nsomba pa nyambo kumamveka mozimiririka. Pa mphete za kumtunda, mkombero waufupi ndi timizere titatu ta mtundu wina m'mphepete ndi zokwanira.

Mudzamvanso za tiger wrap, imene inatchuka ndi Scott Throop wa ku America. Imeneyo ilibe madontho: mumakulunga ulusi wa mitundu iwiri kapena itatu pamodzi, kuukhotetsa dala, kupaka epoxy, kenako kukulunga wina pamwamba mobwerera n'kuchotsapo umodzi kuti patsale timipata. Mizere ya pamwamba ndi ya pansi ikamaphimbana, pamaoneka mafunde oyenda mukatembenuza ndodo. Palinso kuluka dzina kapena chithunzi cha nsomba, kumene kumafuna pepala la timabokosi ndi kuleza mtima kwa masiku. Zonsezo zidikire dayamondi wanu awongoke.

Zimene munapaka kalezo sizikonzeka, ziyenera kuchoka. Zifunditseni pang'ono ndi choumitsira tsitsi, kungoti epoxy ifewe. Kutentha kwambiri kumafewetsanso utomoni umene wagwira graphite ya blank-yo. Gonekani lezala chafufumimba, pafupifupi mofanana ndi ndodo, musende epoxy pa mkombero wotsekera mpaka mutapeza nsonga ya ulusi, kenako kokani ulusiwo uzimasuka wokha ukuthyola epoxy. Zotsalira palani ndi chikhadabo kapena khadi yakale ya pulasitiki, pukutani ndi spiriti. Lezala asayang'ane pansi pa blank ngakhale kamodzi. Kwa achimwene a ku Johannesburg, pemphani kabotolo ka color preserver, epoxy ya ulusi ndi masirinji ake, ndi mipukutu ya A: wakuda, wofiira, wachikasu wa NCP ndi wagolide mmodzi.